Kudandaula ndi pakamwa, kugulitsa mabomba ndi manja: zimene nkhondo ya ku Yemen inaulula

Ndege zankhondo zikaphulitsa msika, chipatala kapena malo a maliro pa nkhondo yapachiweniweni, mayiko amphamvu amayankha m'njira imene inafika pozolowereka: mneneri wa unduna woona za ubale ndi mayiko ena amatulutsa chikalata chonena kuti boma lake lakhudzidwa kwambiri, amapempha mbali zonse zomenyana kuti zidziletse, kenako amauza amene waponya bombalo kuti afufuze yekha zimene zachitika. Anthu ambiri amaona mayankho otere ngati kufooka kwa ukazembe, womwe ndi ntchito yoyendetsa ubale wa mayiko pokambirana m'malo momenyana. Koma mbiri ya nkhondo ya ku Yemen kuyambira 2015 mpaka 2022 ikusonyeza kuti zikalatazi zili ndi ntchito yake, ndipo zimaigwira bwino: zimaziziritsa mkwiyo wa anthu kwa masabata angapo kuti malonda a zida apitirire popanda chosokoneza, ndiponso zimatsekereza ofufuza oima paokha amene akanatha kutchula olakwa ndi mayina awo.

Nkhondoyi inayamba ngati mkangano wa eni dziko okhaokha. Mu Seputembala 2014 gulu la Ansar Allah, limene limadziwika kwambiri ndi dzina loti Houthi, linalanda likulu la dzikolo, mzinda wa Sanaa, ndipo Pulezidenti Abd Rabbuh Mansur Hadi anathawira ku Aden asanapitirire ku Saudi Arabia. Pa 26 Malichi 2015 mgwirizano wa mayiko otsogozedwa ndi Saudi Arabia ndi United Arab Emirates unayamba kuponya mabomba pofuna kubwezeretsa Hadi pampando, ndipo mwezi wotsatira Khonsolo ya Chitetezo ya United Nations inavomereza chigamulo nambala 2216, chimene chinaletsa kugulitsa zida kwa a Houthi ndi ogwirizana nawo koma sichinaike chiletso chilichonse pa mbali imene inali ndi ndege. Bungwe la Yemen Data Project linawerenga kuti pofika mu 2022 ndege za mgwirizanowu zinali zitaukira maulendo oposa 25,000, ndipo nthambi ya United Nations yoona za chitukuko inayerekeza kuti pofika kumapeto kwa 2021 nkhondoyi inali itapha anthu 377,000, ambiri mwa iwo chifukwa cha njala, matenda ndi kusowa kwa chithandizo.

Malamulo a nkhondo sanasiye mpata wokayikira pa nkhaniyi. Mapangano a ku Geneva a 1949, pamodzi ndi zowonjezera zake za 1977 ndi malamulo amene mayiko onse amawavomereza, amafuna zinthu zitatu kwa woponya bomba: asiyanitse asilikali ndi anthu wamba, asaukire ngati imfa za anthu wamba zidzaposa kwambiri phindu lankhondo limene akuyembekeza, ndiponso achite zonse zotheka kutsimikiza chimene akuchiombera. Mapangano omwewo amalamula dziko lililonse kuonetsetsa kuti anzake akuwatsatira, pamene pangano loyang'anira malonda a zida, limene linayamba kugwira ntchito mu Disembala 2014 ndipo Britain ndi France analivomereza, limaletsa kutumiza zida kumene kuli chiopsezo chachikulu chakuti zikagwiritsidwa ntchito pophwanya malamulowa. Choncho dziko logulitsa bomba silingayankhule ngati mlendo wongodutsa, popeza lamulo limaliwerengera kuti lili ndi udindo pa kumene bombalo likagwere.

Pa 8 Okutobala 2016 anthu mazanamazana anadzaza holo yaikulu mumzinda wa Sanaa kudzapepesa maliro a bambo ake a Jalal al-Rowaishan, amene anali nduna ya za m'dziko m'boma la a Houthi. Bomba loyamba linaboola denga, ndipo patapita mphindi zochepa, anthu ena atayamba kale kuthamangira mkati kukatulutsa ovulala, lachiwiri linagwa pamalo omwewo. Anthu pafupifupi 140 anafa ndipo oposa 500 anavulala, pamene ofufuza a Human Rights Watch anazindikira kuti zidutswa zimene zinapezeka pamalopo zinali za bomba lopangidwa ku America. Poyamba mgwirizano wa Saudi Arabia unakana kuti ndiwo unachita izi, koma patatha sabata imodzi unavomera, n'kunena kuti ndegezo zinasocheretsedwa ndi uthenga wolakwika wochokera kwa asilikali a boma la Yemen. Boma la Barack Obama linanena kuti thandizo lake kwa Saudi Arabia lili ndi malire, ndipo mu Disembala linaimitsa kugulitsa mtundu umodzi wa mabomba olondolera okha, koma linapitiriza kumwetsa mafuta ndege za mgwirizanowu zili mumlengalenga, ndipo Donald Trump atalowa m'boma mu 2017 ngakhale chiletso chaching'onocho chinachotsedwa.

Amene analengeza za uthenga wolakwikawo anali komiti yotchedwa Joint Incidents Assessment Team, imene mgwirizanowu unadzikhazikitsira wokha mu 2016, mamembala ake akuchokera m'mayiko omwewo oponya mabomba. Pabwalo la mfumu woimbidwa mlandu sakhala pampando wa woweruza, ndipo mudzi umene ungalole zimenezi ndiye kuti wagamula kale kuti odandaula abwerere chimanjamanja. Koma izi n'zimene Washington, London ndi Paris anavomereza kwa zaka zambiri, akumaloza komitiyi nthawi iliyonse aphungu awo akafunsa mafunso. Pa milandu yambiri imene inaiunika, komitiyi inapeza kuti ndege sizinalakwe, ndipo pamene inavomera cholakwa inkachitcha ngozi, osatulutsa poyera mayina a akuluakulu amene analamula.

Mlandu wa ku Dahyan, m'chigawo cha Saada, ukuonetsa mwatsatanetsatane mmene dongosololi limayendera. Pa 9 Ogasiti 2018 basi yonyamula anyamata a sukulu amene anali pa ulendo wokaona malo inaima pamsika wa m'tauniyo, ndipo bomba linaigwera n'kupha anthu 51, mwa iwo ana 40, monga mmene bungwe la Red Cross linalengezera. Zithunzi zimene zinafalikira padziko lonse zinaonetsa zikwama za sukulu zabuluu zitathimbirira ndi magazi. Mneneri wa mgwirizanowu, Turki al-Malki, ananena tsiku lomwelo kuti kuukirako kunali kovomerezeka ndi malamulo a nkhondo. Khonsolo ya Chitetezo inapempha kafukufuku wodalirika popanda kukhazikitsa wake. Atolankhani a CNN anapeza kuti bombalo, lolemera makilogalamu 227, linapangidwa ndi kampani ya Lockheed Martin. Ndipo pa 1 Seputembala komiti ija inavomera kuti panali zolakwika. Pasanathe masabata awiri kuchokera pamenepo, nduna ya za ubale ndi mayiko ena ya America, Mike Pompeo, inatsimikizira nyumba ya malamulo ya dzikolo kuti Saudi Arabia ndi United Arab Emirates akuchitapo kanthu pochepetsa imfa za anthu wamba, chitsimikizo chimene lamulo linkafuna kuti thandizo lipitirire. Kuvomera cholakwa kunasanduka umboni wakuti wolakwayo akusintha, ndipo umboniwo unatsegula njira ya thandizo lina.

Amene amati mayikowa analibe njira ina ayenera kufotokoza zimene zinachitika patapita miyezi iwiri yokha chichitikireni za ku Dahyan. Mtolankhani Jamal Khashoggi, amene ankalembera nyuzipepala ya Washington Post, ataphedwa mu ofesi ya ukazembe ya Saudi Arabia ku Istanbul pa 2 Okutobala 2018, dziko la Germany linaimitsa kugulitsa zida ku Saudi Arabia, America inasiya kumwetsa mafuta ndege za mgwirizanowu mu Novembala, ndipo aphungu a ku Washington anavomereza chigamulo chothetsa kutenga nawo mbali pa nkhondoyi, chimene Trump anachikana mu Epulo 2019. Kuphedwa kwa Khashoggi kunali nkhanza yoyenera chilango chonsecho, koma kunaulula kuti njira zokakamizira zinalipo kuyambira kale, ndipo chimene chinkasowa chinali munthu wophedwa amene atsogoleri ankamudziwa dzina.

Ngakhale mabungwe amene anakhazikitsidwa kuti azinena zoona anagonja pamaso pa ndalama. Mu Juni 2016 lipoti la United Nations linaika mgwirizanowu pa mndandanda wa ophwanya ufulu wa ana pa nkhondo, litapeza kuti ndiwo unachititsa magawo 60 pa 100 aliwonse a imfa ndi kuvulala kwa ana ku Yemen mu 2015, koma patangopita masiku ochepa mlembi wamkulu Ban Ki-moon anauchotsapo, ndipo anavomera poyera kuti anaopsezedwa zoti ndalama zothandizira ntchito zina za bungweli zidulidwa. Ku Britain, bwalo la apilo linagamula mu Juni 2019 kuti boma linaphwanya lamulo popereka zilolezo za zida popanda kuunika ngati mgwirizanowu unaphwanyapo malamulo a nkhondo m'mbuyomo. Boma linaunika, ndipo mu Julayi 2020 nduna ya zamalonda Liz Truss inalengeza kuti zolakwazo zinali zapatalipatali, choncho malonda anayambiranso.

Panali gulu limodzi lokha la United Nations limene ntchito yake inali kufufuza kuphwanyidwa kwa ufulu wa anthu ndi mbali zonse ziwiri mosakondera, gulu la akatswiri limene Khonsolo ya Ufulu wa Anthu ya ku Geneva inakhazikitsa mu 2017. Akatswiriwa anapeza kuti mabomba a ndege ndiwo anapha anthu wamba ambiri mwa amene anafa mwachindunji, anadzudzula a Houthi pa nkhanza zawo, ndipo mu 2019 anachenjeza kuti America, Britain, France ndi Iran akhoza kuwerengedwa kuti ndi othandizira milandu ya nkhondo chifukwa cha zida zimene ankapereka. Pa 7 Okutobala 2021, Saudi Arabia ndi anzake atakopa mayiko ambiri, khonsoloyo inakana kuwonjezera nthawi ya gululi ndi mavoti 21 kwa 18, mayiko 7 osavota, ndipo aka kanali koyamba m'mbiri ya khonsoloyo kuti chigamulo chigonje pa voti. Bungwe la Norwegian Refugee Council linanena kuti m'miyezi inayi yotsatira chiwerengero cha anthu wamba ophedwa kapena kuvulala chinatsala pang'ono kuwirikiza kawiri, ndipo pa 21 Januwale 2022 bomba linagwera ndende ya ku Saada n'kupha anthu pafupifupi 90. Malawi anali mmodzi mwa mayiko 47 a m'khonsoloyo pa nthawiyo, ndipo kusiyana kwa mavoti atatu okha kukutanthauza kuti mayiko aang'ono, amene amakonda kudziona ngati oonerera pa nkhani zotere, anali ndi mphamvu yeniyeni tsiku limenelo.

Oikira kumbuyo ukazembe wa mawu ofatsa ali ndi mfundo ziwiri zimene siziyenera kunyozedwa. Yoyamba ndi yakuti a Houthi nawonso anali ankhanza, ndipo izi n'zoona: anaombera mizinga m'malo okhala anthu mumzinda wa Taiz, anakwirira mabomba m'minda ndi m'misewu, analemba ana usilikali, ndiponso anaponya mizinga ku mizinda ya Saudi Arabia ndi ku Abu Dhabi. Koma a Houthi anali kale pansi pa chiletso cha zida, ndipo kulakwa kwa mbali imodzi sikufafaniza udindo wa mbali inayo, chifukwa malamulo a nkhondo amamanga aliyense payekha. Mfundo yachiwiri ndi yakuti wogulitsa zida akakhala pafupi ndi wogula amatha kumuphunzitsa kuombera mosamala, pamene akachoka malo ake amatengedwa ndi ena osasamala za ufulu wa anthu. Mfundoyi inali ndi zaka zisanu ndi ziwiri zoti idzitsimikize, alangizi a ku America ndi Britain akugwira ntchito ndi asilikali a Saudi Arabia, koma chipatala cha ku Abs chimene a Médecins Sans Frontières ankathandiza chinaphulitsidwa mu Ogasiti 2016 ngakhale malo ake anali ataperekedwa kwa mgwirizanowu, ndipo ndende ya ku Saada inaphulitsidwa m'chaka chomaliza cha kuukirako. Mabomba a mgwirizanowu anasiya kugwa mbali ziwirizi zitagwirizana zoleka kumenyana pa 2 Epulo 2022, Saudi Arabia itaona kuti nkhondoyi yaidyera chuma popanda chipambano, ndipo mu Ogasiti 2024 America inachotsa chiletso chogulitsa zida zoukira ku Saudi Arabia chimene Joe Biden anaika mu 2021, popanda bwalo la mayiko lililonse kuweruza aliyense pa za Dahyan kapena holo ya ku Sanaa.

Maboma ena anaona zonsezi ndipo anaphunzirapo. Ku Ethiopia, kumene ndege inaphulitsa msika wa Togoga m'chigawo cha Tigray mu Juni 2021 ndipo ndege yopanda woyendetsa inapha anthu oposa 50 pa msasa wa othawa nkhondo wa Dedebit mu Januwale 2022, boma linalimbana ndi akatswiri ofufuza a United Nations mpaka nthawi yawo inatha mu Okutobala 2023 popanda dziko lopempha kuti iwonjezedwe. Ku Sudan, kumene nkhondo inabuka mu Epulo 2023, misika yakhala ikuphulitsidwa pamene chiletso cha zida cha United Nations chimakhudza chigawo cha Darfur chokha.

Choncho yankho la dziko lililonse pa imfa za anthu wamba liyenera kuyesedwa ndi mafunso atatu: kodi lavomereza ofufuza amene sali pansi pa woponya bomba, kodi laimitsa zida ndi mafuta mpaka kafukufukuyo atatha, ndipo kodi likukakamiza kuti anamfedwa alandire chipepeso ndiponso kuti olamula aimbidwe mlandu? Mayiko opanda mafakitale a zida, monga ambiri a mu Africa, sangayankhe funso lachiwiri, koma loyamba lili m'manja mwawo nthawi iliyonse voti ikaitanidwa ku Geneva, ndipo nzika zawo zili ndi ufulu wofunsa nduna zawo kuti zinavota bwanji komanso chifukwa chiyani. Atolankhani nawonso ayenera kuleka kusindikiza zikalata za chisoni ngati kuti ndi zochita, ndipo chikalata chilichonse chotere azichiika pambali pa mndandanda wa zida zimene dziko lolembalo latumiza m'chaka chomwecho.