TISAIŴALE NDEGE ZA AIR MALAŴI

Lero tifuna kukumbutsa aŵerengi athu za ndege za Air Malaŵi, kampani imene inakhazikitsidwa mu 1964 pansi pa Central African Airways, niyamba kudziimira payokha mu 1967.

Patapita nthaŵi kampaniyi inayamba kuulutsa ndege za jeti za mtundu wa BAC One-Eleven. Mu 1974 inagula kwa British Caledonian ndege yaikulu ya Vickers VC10, ya mainjini anayi kumchira, yonyamula anthu kuchokera ku Chileka mpaka ku London. Unali ulemu waukulu ku dziko lino.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndegeyo inkamwa mafuta ambiri pa nthaŵi imene mtengo wake unali utakwera, ndipo mu 1979 inaleka maulendo ake. Pambuyo pake inakhala zaka zambiri pa bwalo la Chileka, dzuŵa ndi mvula zikuiononga, kufikira inaphwanyidwa. Nayo Air Malaŵi inathetsedwa mu 2013.

Tinalakwa paŵiri: kugula chinthu chimene sitikadatha kuchisamala, ndiponso kutaya chimene chikadaphunzitsa ana athu. Mwana wa sukulu ku Midzemba, m'boma la Neno, akamva ndege ikulira m'mitambo, ayenera kudziŵa kuti mbendera yathu inafikako ku London, ndi chifukwa chimene ulendowo unathera.

Choncho tikupempha akuluakulu a Boma kuti asonkhanitse zithunzi ndi makalata a ndegezi ku nyumba yosungira zakale ku Chichiri. Inunso aphunzitsi, musaope kuphunzitsa mbiriyi yonse, zokoma ndi zoŵaŵa zomwe.