Yoga yodulidwa mutu pagombe la Nkhudzi

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha anthu asanandiulule. Amene mwamva mphekesera zoti mlakatuli wanu uja anaoneka ku Nkhudzi m'bandakucha ali pakamkeka ka mphira, matako m'mwamba mutu pansi ngati munthu wofunafuna singano mumchenga, sanakunamizeni. Ndinali ine ndithu.

Anandiitana kuti ndikalakatule madzulo pamoto, pamsonkhano wa masiku atatu wa "umoyo wangwiro" umene unachitikira pa loji ina m'mbali mwa nyanja. Inali sabata ya pa 21 June, tsiku limene bungwe la United Nations linapatula mu 2014 kuti likhale la yoga. Malipiro anga anali bedi, chambo ndi ndalama ya minibasi. Mlembi wosalembedwa ntchito sakana chambo, abale.

Tsono musafulumire kunena kuti za azungu izo. Azungu analipo atatu okha. Ena tonsefe tinali ife tomwe: a ku Namiwawa, a ku Area 43, mabwana a m'mabungwe, amayi a m'mabanki, anthu otopa ndi mipando yozungulira. Mphunzitsi naye anali Mmalawi mnzathu, mayi wa mawu ofewa amene anakaphunzira lusoli kunja. Ndiye nkhaniyi ndi yanu inu amene mwagula nyuziyi pamphambano galimoto ili chilizire.

Ndisanakwiye ndiyamike kaye. Ndinafika msana utauma gwa, chifukwa kuchoka ku Blantyre kudzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi utapanikizana ndi matumba a anzako si masewera. Nditadziwongola m'mawa muwiri, kupuma mwakuya monga ankatiuzira, msana unamasuka ndipo ndinagona tulo tosalota ngongole. Madokotala a m'maiko ambiri amavomereza kuti yoga imathandiza msana wopweteka nthawi yaitali ndi mtima wosakhazikika. Zimenezo sinditsutsa. Wofuna kuimika mwendo umodzi ngati kakowa aimike, nyanja ndi yaikulu.

Chimene chandigwiritsa cholembera ndi ichi. Tsiku loyamba madzulo mphunzitsi wathu anatilalikira kuti matenda onse amayambira m'maganizo ndi m'kakhalidwe ka msana, kuti thupi limadzichiza lokha ukalipatsa mpata, ndi kuti mankhwala a kuchipatala ndi poizoni wa makampani. Tonse tinagwedeza mitu. Chapatali pang'ono panaima mlonda wa pamalopo, bambo wachikulire wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chiyao, tochi m'manja, akumvetsera. Titabalalika anayandikira, chipewa chili m'manja.

"Madamu, ine mwanangu watentha thupi chiyambire dzulo. Nanga mankhwala anuwo angathandize?"

Mayi uja, ndi mtima wabwino ndithu, anatenga timapaketi tiwiri patebulo la malonda, kena ka masamba a nimu kena ka ufa wa chammwamba, n'kumupatsa ulere. Ati awiritse, mwana amwe katatu patsiku, asathamangire mapiritsi, thupi la mwana ndi lanzeru. Bambo uja anawomba m'manja.

Ine ndinali pomwepo. Ndinamva zonse. Ndinakhala chete chifukwa chambo chinali chisanatsike bwino kukhosi, ndipo mlendo sadzudzula wophika. Manyazi amenewo ndikuyenda nawo mpaka lero.

Usiku wotsatira, ndili pakati polakatula za kukongola kwa nyanja, mlonda sanaoneke pageti. Mwana anali atayamba kukomoka, maso atatembenuka. Anamunyamula panjinga yamoto ya kabaza mumdima, mwera ukuwomba, mpaka kuchipatala. Anamupeza ndi malungo aakulu, anamubaya jekiseni, anamuwonjezera magazi. Mwanayo ali moyo, Mulungu ngwabwino. Koma tsiku lathunthu limene linatayika pomwetsa mwana madzi owawa a nimu likanatha kukhala tsiku lokumba manda. Ku Mangochi munthu aliyense wobereka amadziwa kuti malungo a mwana sadikira kuti mphika uwire kachiwiri.

Tsono imvani chimene chinandinyansa. M'chipinda chilichonse cha pa loji ija munali neti ya udzudzu yoyera bwino. Azungu atatu aja ankameza mapiritsi oteteza malungo pachakudya cha m'mawa, poyera, osabisa. Madzi tinkamwa a m'mabotolo. Pakhoma la ofesi panali chikalata chokumbutsa alendo osambira m'nyanja kuti akafika kwawo akamwe praziquantel, mankhwala a likodzo. Ndiye kuti ife a ndalama tinadzitchinga ndi chipatala kumutu, kumiyendo ndi kumbali, kenaka tili m'kati mwa linga limenelo n'kumauza mlonda kuti thupi limadzichiza lokha. Kodi chimenechi tichitche chiyani? Ine kwathu timati bodza.

Ndipo bodza ndi chinthu chimene yoga yeniyeni imaletsa poyambirira penipeni. Izi sindinazitole patali, zinali m'kabuku kamene anatigawira komweko, kamene ndikuona kuti ambiri tinangokupizira mphepo. Mphunzitsi wakale wa ku India, Patanjali, amene malangizo ake analembedwa zaka zoposa 1,500 zapitazo, anaika yoga m'makwerero asanu ndi atatu. Zopindapinda thupi zija, zimene amati asana, ndi khwerero lachitatu, ndipo mwa mizere yake pafupifupi 200 ndi itatu yokha imene imakamba za kakhalidwe ka thupi. Khwerero loyamba, lotchedwa yama, ndi mwambo wa momwe ukhalire ndi anzako. Muli ahimsa, kusavulaza chamoyo. Muli satya, kunena zoona. Muli asteya, kusatenga cha mwini. Muli kudziletsa pa zilakolako. Muli aparigraha, kusadziunjikira zinthu. Mutu wa yoga ndi umenewo. Imene ikugulitsidwa pagombe lathu ndi nkhuku yodulidwa mutu: ikuphupha mokongola ndithu, mapiko uku ndi uku, koma kumene ikupita siikudziwa.

Tiyeni tiuyese mwambowo pamchenga wa ku Nkhudzi. Kusatenga cha mwini, eti? Yendani kuchoka pa boma la Mangochi kulowera ku Monkey Bay, muwerenge mipanda imene yatsika kuchoka kumsewu mpaka kuviika mapazi m'madzi. Kuseri kwa mipandayo kuli mchenga wosesedwa, mipando yogonera ndi ife opuma mwakuya. Kunja kwake amayi athinana pakampata kamodzi, wochapa pomwepo, wotsuka mbale pomwepo, wotunga madzi pomwepo, asodzi nawo akukokera mabwato awo pomwepo. M'mawa uliwonse ife tikamalonjera dzuwa manja ali m'mwamba, mwana wa m'mudzi akangodutsa malire kutsata nkhuni yokokoloka, mlonda yemwe uja amayenera kumuthamangitsa kuti asasokoneze mtendere wathu wa mumtima. Mtendere wanji wofuna mlonda? Mu 2024 nyanja inakwera n'kulowa m'maloji ambiri a ku Mangochi, ena mpaka m'zipinda zogona. Eni ake analira, ndipo n'zomvetsa chisoni poti antchito ambiri anakhala pansi. Koma ndinamva nkhalamba ina ikuseka kuti mwini gombe wabwera kudzayendera malo ake.

Wina andiuza kuti malojiwo amalemba anthu ntchito. Zoona, ndipo mlonda wathu uja ndi mmodzi wa iwo. Sindikuti agwetsedwe. Ndikuti munthu amene ukulipiritsa anzako madola kuti uwaphunzitse kusadziunjikira zinthu, uyambe wayang'ana kutalika kwa mpanda wako.

Nanga za zitsamba? Apa ndiye pamene anthu a m'tauni timaonetsa umbuli wovala tayi. Tinakulira pa chammwamba, agogo athu ankathyola kuseri kwa nyumba n'kuphika ndiwo, ife n'kumanyinyirika kuti ndiwo za amphawi. Malambe tinkawasiyira ana ndi anyani. Maiko a ku Ulaya atavomereza mu 2008 kuti ufa wa malambe uzigulitsidwa kwawo ngati chakudya, basi tonse maso tong'o, malambe asanduka mankhwala a chilichonse. Pa tebulo lija kapaketi kamodzi kanali pamtengo woti pamsewu wa ku Mangochi, pamene milambe yaima ngati asilikali, ukanagula malambe odzaza dengu. Ndi zakudya zabwino, palibe akukana. Mwana wodya chammwamba ndi usipa amakula bwino. Koma chakudya ndi chakudya. Sichipha kachilombo ka malungo kamene kali kale m'magazi a mwana.

Musandiyese mdani wa mitengo. Jekiseni amene anapulumutsa mwana wa mlonda uja kholo lake ndi chitsamba. Mankhwala a LA, amene dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito pochiza malungo mu 2007, anachokera ku chomera cha ku China chotchedwa Artemisia annua. Mayi wina wa kumeneko, Tu Youyou, anafufuza m'mabuku akale a asing'anga a kwawo, n'kupeza mphamvu ya chomeracho kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mu 2015 analandira mphotho ya Nobel. Kusiyana kwake ndi madamu athu n'kwakuti iye sanangolota n'kuyamba kugulitsa. Anayesa, analephera kambirimbiri, anayesanso, mpaka muyeso wake unadziwika: wochuluka bwanji, kwa munthu wolemera bwanji, masiku angati. Ulemu weniweni kwa chitsamba ndi umenewo. Kuchiika m'kapaketi kokongola n'kumati chimachiza zonse ndi kuchinyoza.

Pajatu tinaziona kale izi, kungoti Amalawi kuiwala ndiye ndiwo zathu. Mu 1995, Edzi itatipanikiza pakhosi, bambo Billy Goodson Chisupe a ku Machinga, kufupi ndi Liwonde pomwe tinadutsa popita kunyanjapo, ananena kuti alota mankhwala. Anthu zikwi mazanamazana anakhamukira kumeneko kukamwa mchape, pa malole, pa mabasi, ena pa magalimoto a maofesi. Anamwa, anabwerera, maliro sanaleke. Chimene chinadzachepetsa maliro ndi ma ARV amene anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004. Komabe a Chisupe ndimawamvera chifundo. Anali munthu wa kumudzi, nthawi imene chipatala chinalibe choti n'kupatsa anthu, ndipo sankalipiritsa. Nanga ife a madipuloma ndi madigiri, amene tikudziwa kuti LA ali pa chipatala chapafupi ndipo ndi waulere, tidzati chiyani?

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Madzi amene tinkawayang'ana potsinkhasinkha aja, ataphimbidwa ndi golide wa dzuwa lotuluka, ndi omwewo amene asodzi ndi ana a sukulu amatengamo likodzo. Wodwala akakodzera m'madzi, mazira amaswa, tizilombo timalowa mu nkhono, timakuliramo, kenaka timatuluka n'kuboola khungu la wosamba kapena wochapa. Sitifunsa ngati msana wako uli wowongoka. Ofufuza, mmodzi wa iwo Jay Stauffer, anaonetsa ku Chembe kuti nkhonozo zinachuluka nsomba zimene zimazidya zitachepa chifukwa cha kusodza kopyola muyeso. Mnyamata wa kunyanja wokodza magazi safuna kuphunzitsidwa kupuma. Akufuna praziquantel yemwe uja wa pachikalata cha alendo, chimbudzi, ndi mpopi woti asamalowe m'nyanja pa chilichonse.

Mpopiwo ndiye nkhani imene Nkhudzi inatchukira m'nyuzi. Pamene bungwe la Southern Region Water Board linkamanga thanki la madzi paphiri la Nkhudzi, panabuka mkangano waukulu chifukwa phirilo lili m'nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, imene UNESCO inaiika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. Oteteza chilengedwe anali ndi mfundo zawo, ndipo zina zinali zomveka. Koma mkanganowo uli m'kati kunagwa kolera, kuyambira March 2022, mliri woopsa kuposa ina yonse ya kolera imene dziko lino linaonapo. Unapha anthu oposa 1,700, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene analira kwambiri, anthu okhala m'mphepete mwa nyanja ya madzi abwino kumafa chifukwa cha madzi akumwa. Pa masiku atatu onse a "umoyo wangwiro" mawu oti mpopi sindinawamve ngakhale kamodzi. Tinakamba za mphamvu zobisika za m'mchombo.

M'mawa wonyamuka ndinakumana ndi mlonda uja pageti, maso ali psuu, wachokera kuchipatala osagona. Ndinayamba kupepesa mozungulirazungulira monga tichitira anthu a sukulu. Anandidula.

"Iyayi achimwene, madamu aja ngabwino, anandipatsa ulere. Kapena ndine ndinalakwitsa kawiritsidwe."

Mwamva? Akudziimba mlandu yekha. Akadzadwala mwana wina adzawiritsanso, ulendo uno mosamala kwambiri, chifukwa anamva ndi makutu ake anthu ophunzira, ofika pa magalimoto, akugwedezera mitu mawu oti chipatala ndi poizoni. Mmodzi wa ogwedeza mituwo ndinali ine.

Mwezi watha mayi uja ananditumizira uthenga wondiitananso, ati ndakatulo zanga zinakhudza mitima. Ndinayankha kuti ndibwera, ngakhale popanda chambo, akavomera zinthu ziwiri. Choyamba, aimirire pamaso pa antchito onse a pa loji anene m'Chichewa chomveka kuti mwana akatentha thupi apite kuchipatala tsiku lomwelo, nimu adzamwa akuluakulu akafuna. Chachiwiri, mikeka tikayale kunja kwa mpanda, pakampata pamene amayi amachapira paja, ndipo wa m'mudzi wofuna kuwongola msana wake, umene wapindika ndi ndowa ndi nkhafi, awongole nafe osalipira.

Uthengawo ukuonetsa kuti anawerenga. Papita masabata atatu.