CHENJEZO KWA OFUNA SATIFIKETI YA KUBERNETES

Tamverani, achinyamata ndi nonse ogwira ntchito za makompyuta: musalipire mayeso a Kubernetes musanadziwe ntchito yomwe mukuifuna. Mayeso a CKA okha amadya madola oposa 400, ndipo tonse tikudziwa mmene dola ikusowera.

Masatifiketi amenewa, omwe amaperekedwa ndi Linux Foundation mogwirizana ndi CNCF, ndi osiyana. CKA ndi ya woyang'anira cluster yonse, uja amadzutsidwa pakati pa usiku seva ikagwa. CKAD ndi ya olemba mapulogalamu amene amayendetsa ntchito zawo pa cluster yokonzedwa kale ndi ena. CKS ndi ya chitetezo, ndipo simungailembe musanakhoze CKA, choncho wokuuzani kuti muyambire pamenepo akukunamizani. Ongoyamba kumene ali ndi KCNA, ya mafunso osankha yankho, koma kunena zoona siilemera ngati CKA pofunsira ntchito. Ngati kuntchito kwanu mumagwiritsa ntchito OpenShift, yang'anani mayeso a Red Hat a EX280.

Chenjerani kwambiri ndi ogulitsa likasa pa WhatsApp ndi Telegram. Pa CKA, CKAD ndi CKS amakupatsani terminal ndi maola awiri kuti mukonze zinthu ndi manja anu: node yakana kulowa, pod ikungofa, netiweki yatsekeka. Amakulolani kutsegula malangizo a pa kubernetes.io nthawi ya mayeso, ndiye kuloweza mayankho ogula n'kutaya ndalama kawiri. Wolephera kufika 66 peresenti pa CKA walakwa basi. Enanso akulonjeza satifiketi popanda kulemba mayeso. Olemba ntchito amatha kutsimikizira satifiketi pa Credly, ndipo yabodza ikagwidwa, ntchito yatha, mbiri yanu yaipa.

Dziwaninso kuti masatifiketi a Linux Foundation opezedwa kuyambira Epulo 2024 amatha mphamvu pakatha zaka ziwiri. Mukalipira, muli ndi miyezi 12 yoti mulembe, ndi mwayi umodzi wobwereza osalipiranso. Pa CKA, CKAD ndi CKS, yesererani kaye pa killer.sh, yomwe imabwera ndi malipiro omwewo.

Mayesowa amalembedwa pa intaneti, woyang'anira akukuonerani pa kamera, ndipo amafuna chiphaso chokhala ndi chithunzi chanu komanso chipinda chopanda munthu wina. Magetsi athu mukuwadziwa. Pezeranitu malo a sola kapena jenereta ndi intaneti yodalirika musanasankhe tsiku lolemba.