Zaka ziwiri si zochepa

Matenda a shuga ogwira ana sabwera chifukwa chodya zotsekemera. Chitetezo cha m'thupi ndicho chimasokonekera, n'kuyamba kupha maselo a kapamba opanga insulin. Chiyambire 1922, pomwe madokotala a ku Toronto anabaya munthu insulin koyamba, takhala tikungobwezeretsa chotayikacho. Teplizumab, mankhwala amene bungwe la FDA ku America linavomereza mu Novembala 2022, amapita kugwero: amafooketsa maselo a chitetezo oukirawo, otchedwa maselo a T. Sachiritsa ayi. Mwana amene magazi ake akuonetsa kuti matendawo ali m'njira amaikidwa diripi masiku 14, ndipo matendawo amachedwa pafupifupi zaka ziwiri. Ena akuti n'zochepa. Akafunse mayi amene amadzuka pakati pa usiku kuyeza shuga wa mwana wake. Chondinyansa ine ndi mtengo wake, umene mu 2022 unali madola pafupifupi 194,000.