Cifukwa Cace Sindinasaine Kalata ya ku Khichini

Ndipempha malo pang'ono m'magazini athu ano kuti ndinenepo za kalata ija inayenda m'nyumba zogona pa sabata lacitatu la teremu ino. Kalatayo inali yopempha a Hedimasitala kuti acotse Madala a ku khichini ndi kulemba mnyamata wamphamvu m'malo mwao. Zifukwa zace zinali zitatu: nsima ya masana imacedwa, m'nyemba mumapezeka miyala, ndipo Madalawo samva munthu akawalankhula. Ambiri munasaina. Ine ndinakana, ndipo ena muli kundinena kuti ndinagulidwa ndi mtanda wa nsima. Tsono lolani ndifotokoze.

Sindikana kuti zinthu zitatuzi nzoona. Inenso ndinalumapo mwala, ndipo ndinalowapo m'kalasi masana m'mimba muli pululu. Cimene ndikana ndico kunena kuti zonsezi zadza ndi ukalamba wokha, ndi kuti mankhwala ace ndi kupitikitsa munthu.

Teremu yatha ndinacedwa ku maphunziro a madzulo, ndipo cilango canga cinali kuwaza nkhuni ku khichini masiku asanu. Masiku amenewo ndinaona zimene sitiona ife oima pa mzere ndi mbale m'manja. Madala amafika 3 koloko mbandakuca. Miphika yathu yaikuru ija imakhala pa mafua, m'nyumba yopanda cumuni, ndipo popeza inali nthawi ya dzinja nkhuni zinali zonyowa. Ine mnyamata wa zaka 17 ndinangokhalamo mphindi khumi, maso psuu, misozi iri mbwe-mbwe, ndipo ndinathawira pabwalo kukatsokomola. Iwo apuma utsi umenewo kuyambira makolo a ena a ife ali ana a sukulu. Aphunzitsi a sayansi anatiuza kuti utsi wa nkhuni umaononga mapapo ndiponso umafulumizitsa ng'ala m'maso. Nanga munthu akaima pang'ono kuti apume, tidzati wacita ulesi?

Ndinayang'anitsitsanso pamene nthawi imataika. Si pa mphika ai. Imataika pa njira yocokera ku sitolo ya ufa kufika ku khichini, pakuti matumba a makilogalamu 50 amasenzedwa pa phewa, limodzi-limodzi, cifukwa wilibala inathyoka mwendo kale-kale ndipo iri kucita dzimbiri kuseri kwa bafa. Apa ndibvomera: msana wa munthu wa imvi sungapikisane ndi wa mnyamata, ndipo thumba limene mnyamata athamanga nalo, iwo amalitula kawiri pa njira. Koma ufa ukafika, bwerani mudzaone. Sayesa madzi ndi cikho, amangoyang'ana. Amadziwa kuti phala lapsa pomva kulira kwace, nauza wothandiza wao pamene ayenera kuthira ufa ndi pamene ayenera kuleka. Kubvundula nsima ya anthu 400 ndi mthiko wautali ngati nkhafi ya bwato si nchito ya mphamvu yokha. Amaugwira mwa njira yao, nazungulira mphika, ndipo mibulu simuipeza.

Kodi mwaiwala masiku awiri aja anapita ku maliro kwao? Anatiphikira anyamata awiri amphamvu ndithu. Nsima inali yopserera pansi, yaiwisi pakati, ndipo anatha ufa woposa wa masiku onse. Amene munatsogolera kuimba ndi kumenya mbale tsiku limenelo ndinu omwe mwatsogolera kalatayi. Akuru anati garu wamkota sakandira pacabe.

Tsopano za miyala. Munthu aliyense akapitirira zaka 40 maso ace amayamba kulephera kuona bwino zinthu zazing'ono zimene ziri pafupi. Ndico cifukwa cace aphunzitsi ena amatambasula dzanja powerenga maina athu (andikhululukire, sindinachule munthu). Madala amasankha nyemba kusanace, pansi pa babu limodzi lakuda ndi mwaye. Mwala ndi nyemba zimaoneka cimodzi-modzi. Bvuto limeneli mankhwala ace ndi magalasi owerengera, ndipo mtengo wace suposa wa nsapato za mpira zimene ena timabvutitsa nazo makolo. M'caka ca 2018 akatswiri anafalitsa zimene anapeza pakati pa anthu 751 othyola tiyi ku Assam, m'dziko la India, onse a zaka 40 kapena kuposa. Amene anapatsidwa magalasi otere anayamba kuthyola tiyi wocuruka ndi pafupi-fupi 22 pa 100 kuposa anzao opanda magalasi. Anzathu ocokera ku Thyolo ndi ku Mulanje adziwa kuti kuthyola tiyi ndi nchito ya maso ndi zala, monganso kusankha nyemba. Anthu aja sanabwerere ku unyamata. Anangoona bwino basi.

Za makutu ndinena mwacidule. Munthu akamakula, cimene cimayamba kumbvuta ndico kutola mau a munthu mmodzi pakati pa phokoso. Phokosolo ndani amacita? Ndife, ndi mbale zathu ndi masupuni. Pa mulu wa nkhuni, pamene panali zii, anandimva bwino lomwe, ndipo anandiuza kuti, "Mwana wanga, nkhwangwa sagwira cotero, udzadzitema phazi. Tambasula miyendo."

Pali cinthu cina cimene cimafooketsa wanchito wacikulire koposa utsi, ndipo ndicita manyazi kucilemba. Ndamva ndi makutu anga mwana wa Fomu 1 alikunena kwa munthu wa msinkhu wa agogo ace kuti, "Iwe mdala, tafulumira!" Kumudzi sangayerekeze, pano yunifomu yampatsa mtima. Munthu wonyozedwa tsiku ndi tsiku amaleka kudzipereka. Amaleka kucenjeza kuti ufa uwu wayamba kununkha, kapena kuti nyemba izi zalowa anankafumbwe, pakuti adziwa kuti mau ace alibe wowamvera. Alonda athu a usiku nawonso ndi acikulire, ndipo timawaseka tikawapeza alikusinza m'mwezi wa Juni, osafunsa ngati ali ndi jasi kapena mabatire a tochi.

Mnzanga wina wa Fomu 4 anandifunsa funso labwino, ndipo sindifuna kulizemba. Anati, "Acinyamata opanda nchito ali mbwee m'midzimu, bwanji okalamba osawapatsa mpata?" Nzoona. Kalembera wa 2018 anapeza kuti theka la anthu a m'Malawi anali osafika zaka 18, ndipo onsewo adzafuna nchito. Mkuru wanga weni-weni anatsiriza Fomu 4 ndipo ali khale pakhomo. Ndibvomeranso kuti Madala ali ndi kuuma mutu kwao: sikelo imene inagulidwa yoyezera ufa safuna kuikhudza. Ndipo tsiku lidzafika ndithu lakuti apumule. Koma adzapumula ndi ciani? Lamulo lokakamiza olemba nchito kusungira anchito ao penshoni linadza m'caka ca 2011, lonena kuti wolemba nchito aziika 10 pa 100 ya malipiro, wanchito naye 5 pa 100. Munthu amene zaka zace zambiri anagwira lamuloli lisanadze, ndiponso pa malipiro ocepa, sangakhale ndi nkhokwe yodzaza. Madala ali ndi adzukulu amasiye amene adalira malipiro omwewo. Kalata yathu sinachule zimenezi, cifukwa palibe mmodzi wa ife anafunsa.

Ngati sukulu ingathe kulemba mnyamata, imlembe, koma akhale wosenza matumba ndi wogwira mthiko pansi pa Madala, kuti luso lao lisapite nao kumudzi onse. Wilibala iwocheredwe. Nkhuni zimangiridwe kansakasa kuti zisanyowe, ndipo mafua alowedwe m'malo ndi mbaula zazikuru zija zosunga nkhuni, zonga zimene ambiri tinaziona pophika phala ku sukulu za pulaimale. Magalasi tingasonkhe tokha. Ndipo nyemba za sabata lonse tingasankhe ife Loweruka masana, dzuwa liri ngwee, maso athu akali akuthwa.

Laciwiri lapitali, ndikulandira nsima, Madala anandiyang'ana nati, "Mwana wanga, kodi nzoona kuti anzako alemba kalata?" Ndinayankha kuti, "Inde agogo, nzoona." Sananene kanthu, anangoomola mtanda naika m'mbale mwanga, naitana wotsatira.

Ndalemba kalata yina yopempha a Hedimasitala zinthu zimene ndachulazi, ndipo kufikira lero iri ndi maina asanu ndi limodzi okha. A Hedimasitala anena kuti adzayankha za ku khichini teremu isanathe. Amene afuna kuiwerenga andipeze Loweruka tikatha kucapa, pa mulu wa nkhuni paja, ndipo abwere ndi licero.