Madzi opatulika ku Toronto

Ku Etobicoke, chakumadzulo kwa Toronto, pafupi ndi msewu wa 427 umene magalimoto a katundu sauleka usana ndi usiku, kuli kachisi wa Ahindu wa BAPS Shri Swaminarayan Mandir. Anamutsegulira mu Julaye 2007, nduna yaikulu ya Canada ya nthawiyo, Stephen Harper, ili pomwepo. Miyala yake, pafupifupi 24,000, inasemedwa pamanja ku India, ina itagulidwa ku Italy ndi ku Turkey. Alendo ambiri amangoti kakasi ndi zosemazo. Ine chimandikokera kumeneko ndi madzi.

Mukavula nsapato n'kulowa m'chipinda china, mumapeza chifaniziro cha Nilkanth Varni, mnyamata amene anachoka kwawo mu 1792 ali ndi zaka 11 n'kuyenda wapansi dziko la India zaka 7. Anthu amatenga kamtsuko ka madzi n'kumathira pang'onopang'ono pamutu pa chifanizirocho, aliyense akunong'ona pempho lake. Mwambowu amati abhishek. Ndaonapo agogo atagwirizira dzanja la kamdzukulu kuti madzi asakhuthukire nthawi imodzi. Mwana wobadwira muno, wodziwa madzi a pampopi okha, akuphunzira kuwagwira mwaulemu.

Kasupe pamalopa palibe. Akachisi omangidwa pa kasupe ali kutali, monga Tirta Empul pachilumba cha Bali ku Indonesia, womangidwa cha m'ma 962, kumene anthu amalowa m'dziwe n'kuweramira mipopi yotuluka m'kasupe kuti ayeretsedwe. Kumeneko kupemphera ndi ulimi n'zosalekana: alimi a mpunga amagawana madzi othirira kudzera m'magulu otchedwa subak, amene amakumana pa akachisi a madziwo, ndipo UNESCO inazindikira dongosololi mu 2012.

Ahindu a kuno anasiya mitsinje yawo yopatulika kwawo, ndiye anatembenukira ku mtsinje wa Credit ku Mississauga ndi nyanja ya Ontario. Osamalira mtsinjewo atayamba kupezamo maluwa, kokonati ndi nsalu za nsembe, anakhala pansi ndi atsogoleri a akachisi, ndipo atsogoleriwo anayamba kulangiza anthu awo. Mu 2009 boma la Ontario linanena poyera kuti phulusa la womwalira likhoza kumwazidwa pa madzi a boma. Apa ndimawavulira chipewa onse awiri, osamalira mtsinje ndi atsogoleri a akachisi, chifukwa palibe anauza mnzake kuti chikhulupiriro chake n'chachabe.

Kwa ife Amalawi izi si zachilendo. Nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje ilipobe chifukwa cha Mbona, nkhwangwa siilowamo. Pa Dziwe la Nkhalamba ku Mulanje akuluakulu sankafikapo mwachibwana. Koma taimani pa mlatho wa Mudi ku Blantyre mwezi wa Okutobala: madzi akuda bii, mapulasitiki, fungo lotseka mphuno. Zimandiwawa, chifukwa mzinda womwewo ngodzaza ndi matchalitchi obatiza ndi madzi komanso mizikiti imene munthu salowamo asanasambe.

Abusa athu ndi mashehe ali ndi anthu omvera Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu lililonse. Ndikupempha kuti mpingo ndi mzikiti uliwonse woyandikana ndi Mudi, Naperi kapena Lingadzi utenge chigawo cha mtsinjewo, uchiyeretse, ubzale mitengo m'mbali mwake, ndipo uuze khonsolo za makampani amene akutayiramo zonyansa.