Kodi malamulo a chess asinthidwe?

Chess ndi masewero a anthu awiri pa bolodi ya mabokosi 64. Aliyense amayamba ndi zida 16, ndipo wopambana ndi amene wapanikiza mfumu ya mnzake mpaka kusowa kothawira. Malamulo ake ali m'manja mwa bungwe la FIDE, lomwe lidakhazikitsidwa ku Paris mu 1924, ndipo m'dziko muno mipikisano imayendetsedwa ndi Chess Association of Malawi.

Malamulowa sadakhale chimodzimodzi kuyambira kale. Masewerowa adayambira ku India ndi dzina loti chaturanga, nkudzera ku Persia ndi maiko a Aluya asanafike ku Ulaya. Chida chomwe lero ndi mfumukazi chinkasuntha bokosi limodzi lokha, mpaka cha m'ma 1475 pomwe a ku Spain adachipatsa mphamvu zoyenda mtunda wautali mbali zonse. Ngakhale mu 2014 FIDE idawonjezera lamulo loti masewero athe okha ngati aliyense wasuntha ka 75 popanda kudya chida kapena kuyendetsa pawn, kachida ka mzere wakutsogolo.

Amene akufuna kusintha kwina amadandaula zinthu ziwiri. Choyamba ndi kulepherana. Polimbirana ukatswiri wa dziko lonse ku London mu 2018, Magnus Carlsen ndi Fabiano Caruana adalepherana masewero onse 12, ndipo Carlsen adapambanira pa masewero othamangitsana ndi nthawi. Chachiwiri ndi kompyuta, yomwe imathandiza akatswiri kuloweza mayendedwe oyambirira, kotero kuti amafika pakati pa masewero asanaganize okha.

Maganizo othetsera izi ndi ambiri. M'zaka za m'ma 1920, José Raúl Capablanca wa ku Cuba adafuna bolodi yaikulu yokhala ndi zida ziwiri zatsopano. Mu 1996 ku Buenos Aires, Bobby Fischer adalengeza mtundu womwe zida za mzere wakumbuyo zimayalidwa mwamaere m'njira 960, kuti kuloweza kusagwire ntchito. Wesley So ndiye adakhala katswiri woyamba wa mtunduwu pansi pa FIDE mu 2019. Mpikisano wa ku Sofia mu 2005 udaletsa osewera kungogwirizana pakati pawo kuti alepherana. Vladimir Kramnik naye adapempha kuti ayesere kusewera popanda castling, komwe ndi kusuntha mfumu ndi chida cha pakona nthawi imodzi.

Koma phindu la malamulo amodzi limaoneka bwino pamalo ngati Zalewa, m'boma la Neno, pomwe msewu wa M1 umakumana ndi wopita ku Mwanza, pafupi ndi mlatho wa pa Shire. Apa pamadutsa anthu ochokera ku Blantyre, Lilongwe ndi Tete. Osewera bawo kapena drafti ochokera madera osiyana amayamba agwirizana kaye kaseweredwe, chifukwa kwina kudya chammbuyo pa drafti nkololedwa pomwe kwina nkoletsedwa. Chess ilibe vutoli. Mwana wophunzira pa Zalewa amatsata kayendedwe ka zida komweko kamene Amon Simutowe wa ku Zambia adatsata mpaka kukhala grandmaster, katswiri wapamwamba wa chess, mu 2009. Buku lililonse la chess lomwe lafika kusukulu, ngakhale lakale, limakhalabe lothandiza, ndipo mphunzitsi amene adaphunzira masewerowa ali mnyamata saphunziranso mwatsopano.

Komanso kulepherana ndi matenda a akatswiri ochepa a pamwamba. Pakati pa ophunzira, masewero ambiri amatha wina atagonja, poti kulakwitsa kumachuluka. Chosowa m'madera ngati Neno ndi mabolodi, mawotchi a mpikisano, aphunzitsi ndi malamulo olembedwa m'Chichewa. Ntchito ya Susan Namangale, yemwe adatsogolerapo Chess Association of Malawi nkuyambitsa Dadaz Chess Academy, yaonetsa kuti ana a m'sukulu ngakhale akumidzi amawagwira msanga masewerowa akapatsidwa mpata. Kusintha kayendedwe ka zida pamene ana otere angoyamba kumene kungawabweze m'mbuyo.

Motero nkoyenera kusiyanitsa zinthu zitatu. Malamulo oyendetsera mpikisano, monga a nthawi, a kugwirizana zolepherana ndi oletsa kubera pogwiritsa ntchito foni, azisinthidwa pakafunika kutero. Mitundu yatsopano ngati ya Fischer iziseweredwa pa dzina lake, pambali pa chess yodziwika. Koma kayendedwe ka zida, komwe kakhazikika kwa zaka zoposa 500, kasiyidwe momwe kalili.